Ufa pa Suti ya Themba

Alongo anga a Oswald Shawa anamenya nkhondo imodzimodzi Lamlungu lililonse kwa zaka zambirimbiri, ndipo sanapambane ngakhale kamodzi. Ankaimenyera pabalaza pawo ku Barking, kuno kudziko la azungu, m'kanyumba kam'mwamba komwe makapu ankagwedezeka m'kabati sitima ikamadutsa. Mdani wawo anali a Mubanga, Mbemba wa ku Kasama wokulira ku Lusaka, amene anayendetsa nawo mabasi mpaka onse awiri atapuma pantchito. Ine Justina ntchito yanga inali kuphika, kutsuka mbale ndi kuwakalipira kuti achepetse mawu, poti mzungu wa nyumba yapansi anali atatopa kubaya denga lake ndi mtengo wa tsache.

Ife ndife Angoni a ku Chipata, ndipo kwathu Mngoni ndi Mbemba amatchulana kuti ambuya, ubale wa kunyozana. Makolo athu anabayana mpaka kutopa, atatopa anapumitsa mikondo n'kusiyira pakamwa ntchito yonse. Mbemba akhoza kukunyoza pagulu, kukulanda chipewa, kukutcha wodya mbewa, iwe sukwiya, umangomubwezera kuti wodya anyani. Koma ukadwala ndiye woyamba kufika. Ukamwalira ndiye amagwira ntchito ya maliro, n'kumwaza anamfedwa ufa kumaso ndi kukunyoza iwe wakufawe mpaka olira aseke. Munthu amene sananyozedwe pamaliro pake timamumvera chisoni, chifukwa ndiye kuti analibe ake.

Nkhondo imene awiriwa ankalimbirana inali ya m'masiku amene azungu a kampani anali atangofika kumene kwathu. Musandifunse ngati ili m'mabuku. Ine sindinaionemo, ndipo madalawa analibe nawo ntchito mabuku. Akuti azunguwo anamanga linga la mitengo yosongoka pamtunda, pafupi ndi mtsinje, n'kukhalamo iwo ochepa pamodzi ndi asilikali akuda ochokera kutali ndi amtengatenga awo. Kenaka anayamba kulanda ng'ombe m'midzi yoyandikana nalo, ati chindapusa. Mngoni ukamulanda ng'ombe wamuvula pagulu. Choncho anyamata a m'mudzi mwathu anapangana zokathyola lingalo mbandakucha, mvula ikugwa, pokhulupirira kuti mfuti zikanyowa sizilira. Mmodzi wa iwo anali a Mafuleka, agogo awo a bambo athu.

Pofika apa alongo anga ankaimirira, khushoni kumanzere ngati chishango, rimoti ya TV kumanja.

"A Mafuleka analumpha linga lija ngati mphaka," ankatero. "Asilikali ali mtulo, iwo ali kale pakhola, atsegula, ng'ombe zikutuluka. Mzungu anathawa atavala nsapato imodzi!"

"Ba Oswald, muleke boza pa Sunday," a Mubanga ankayankha asanameze n'komwe chakudya. "Ambuye banga ba Kasuba banali mukati. Banapeza ba Mafuleka banu bakodwa na chikumba cha m'chiuno pamwamba pa linga, mutu pansi, miyendo kumwamba, monga nkhuku ya pa market. Banabachaya na chiwaya kawiri kumbuyo, babakolola, babaponya panja kuti bathawe. Popanda chiwaya chija imwe bonse simukanabadwa. Muzitipatsa ulemu."

Zoti a Kasuba analidi m'lingamo ine ndinkakayika, chifukwa chaka china anali wamtengatenga, chaka china wophikira azungu, ndipo tsiku lina a Mubanga atamwa pang'ono anawakweza kukhala sajeni. Nalonso linga limene a Mafuleka analumpha linkatalika chaka ndi chaka. Koma palibe amene ankafuna zoona zenizeni. Ankangofuna kukuwa, kumenya tebulo ndi kuseka mpaka kutsokomola.

Panali gawo limodzi lokha limene sankasekera. Theka la anyamata aja linatsala patsinde pa linga, poti mfuti zinalira ndithu, mvula kapena ayi. Patangopita masiku ochepa asilikali anatuluka ndi mfuti yosapuma, natentha mudzi ndi nkhokwe zomwe, natenga ng'ombe zonse, ngakhale zimene zinali zisanalandidwe. Mkazi woyamba wa a Mafuleka ndi khanda lake anafera kumapiri pothawa. A Mafuleka anakalamba akusenzera katundu azungu omwewo, ndipo akuti sanamvekenso akukweza mawu. Alongo anga akafika pamenepa ankakhala pansi, khushoni pamiyendo. A Mubanga ankavula magalasi n'kunena chapansipansi kuti, "Na ba Kasuba sibanabwelele ku Kasama. Mai bao banafa bakuyangana kunjila." Kenaka mmodzi ankaitanitsa tiyi.

Chimene alongo anga ankafunitsitsa ndinkachidziwa, chifukwa sankabisa. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Themba, ndipo ankafuna kuti nkhani imeneyi ndi ubale umenewu zipite kwa iye.

"Nkhani iyi sanena munthu mmodzi," ankatero. "Imafuna wotsutsa. Ine ndikapita, Themba ndiye azimenyana nawe, Mbemba iwe."

"Uja wa ma computer?" a Mubanga ankaseka. "Nizamudya na tomato."

Vuto linali lakuti Themba sanakule ndi ife. Anabadwira kuno, ndipo banja la makolo ake litatha anakulira kwa mayi ake, omwe sanali a kwathu. Ankabwera kwa bambo ake kumapeto a sabata mwa apo ndi apo. Chinyanja ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi. Madala akayamba kukuwa, iye ankalowa kuchipinda n'kutseka makutu ndi nyimbo. Zimene zinkadutsa pachitseko ndi mawu akuti wakuba ng'ombe, wamantha, wodya mbewa, ndi kuseka kwa bambo ake, kumene iye ankakuyesa kuseka kwa munthu wopanda mphamvu zodziteteza. Palibe anamukhazika pansi kumufotokozera. Tonse tinkaganiza kuti zinthu zotere mwana amangozidziwa, monga amadziwira dzanja lodyera.

Alongo anga anatisiya mu Febuluwale, mtima utawavuta kwa miyezi ingapo. Themba, yemwe tsopano anali bambo wandevu zake wogwira ntchito mumzinda, anatenga zonse m'manja mwake, ndipo ndisamunamizire, anagwira ntchito. Analipira holo ya tchalitchi chathu ku Tottenham, anagula maluwa, anasindikiza mapulogalamu okhala ndi chithunzi cha bambo ake, chilichonse ndi nthawi yake. Analiranso zenizeni. Ndinamupeza m'khonde la chipatala atakumbatira thumba la zovala za bambo ake. Mwanayo ankawakonda bambo ake, kungoti ankawadziwa mbali imodzi.

Loweruka masana, kutatsala masiku awiri kuti tiike maliro, tinasonkhana muholo muja. Anthu anadzaza, a ku Zambia, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, ndi anzake a Themba a kuntchito amene anakhala mzere wakutsogolo atagwira mapulogalamu mwaulemu. Tinaimba, abusa analalikira, Themba anawerenga mbiri ya bambo ake. Zonse zinali bwino, koma pachifuwa panga panali ngati pakhala mwala. Misozi inali itandithera, ndipo chisoni chinalibe potulukira.

Kenaka chitseko chakumbuyo chinatseguka mwaphokoso. A Mubanga analowa atavala jekete la alongo anga la ku mabasi, limene ndinawapatsa ndine dzulo lake. Kumanzere ananyamula chishango cha katoni ya nthochi, kumanja mopu, ndipo m'khwapa munali paketi ya ufa. Ankayenda monga ankayendera alongo anga, mimba patsogolo, mwendo umodzi ukukoka. Amayi a ku Chipata anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Anafika pa ine n'kundipaka ufa kumaso ndi dzanja lonse.

"Ba Justina, lekani kulila, mbeba sizinathe ku Chipata!"

Ndinaseka. Kanali koyamba chimwalirire alongo anga, ndipo mwala uja unasuntha. Ndinawathokoza mumtima munthu ameneyu, chifukwa ndinkadziwa kuti m'holo monsemo palibe amene mtima unamusweka kuposa iwo.

Anapita kutsogolo, pachithunzi chachikulu chija, n'kuchiloza ndi mopu.

"Oswald! Wathawa futi! Mungoni wathawa nkhondo, wanisiya neka pa linga! Wamantha iwe, monga ambuye bako!"

Mawu awo ananjenjemera pa mawu akuti neka, koma anadzilimbitsa. Anagona chafufumimba pampando, miyendo m'mwamba, kusonyeza a Mafuleka atakodwa palinga. Holo inaphulika ndi kuseka, kupatula mzere wakutsogolo, kumene anzake a Themba ankayang'anana osadziwa poika maso. Atadzuka, a Mubanga anapita kwa Themba, amene anali chikhalire mu suti yake yakuda, namukhuthulira ufa wotsala pamutu ndi pamapewa.

"Iwe kamwana ka kawalala wakuba ng'ombe," anatero. "Manje ni iwe na ine."

Aliyense wa kwathu anamva chimene chinanenedwa pamenepo. Mkuluyo ankamupatsa mwanayo malo a bambo ake, pamaso pa anthu onse. Themba yekha ndiye sanamve. Anaimirira, ufa ukuyoyoka m'nsidze, n'kuwagwira a Mubanga pamkono.

"Get out," anatero.

Ine ndinali kumapeto ena a holo, maso odzaza ufa, mipando itanditchinga. Ndinakuwa kuti, "Themba, ndi mbuya ameneyo! Asiye!" koma ena ankasekabe poyesa kuti mnyamatayo walowa nawo sewero. Pamene kuseka kunkatha, iye anali atawakokera kale pakhomo. Ndinafika akuwayankhula, ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti anasankha Chinyanja, chimene sanachiyankhulepo pagulu chibadwire, kuti mkuluyo amve bwinobwino.

"Munanyoza dad moyo wawo wonse. Ine ndinamva. Lero ayi. Kumanda musabwere."

Anawasiya mkono mwadzidzidzi, ndipo a Mubanga anaphonya sitepe n'kugwada pasimenti yonyowa. Magalasi awo anagwera m'madzi. Azibambo anathamanga kukawadzutsa, koma iwo anakana ndi dzanja. Anadzuka okha, navula jekete lija, nalipinda bwinobwino, nalipereka kwa ine osandiyang'ana. Kenaka anatola magalasi awo n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera basi, atangovala shati m'chisanu chija.

Madzulo ake akuluakulu anamuzungulira Themba, uyu akufotokoza, uyu akukalipa, onse nthawi imodzi. Munthu wokwiya ndi wachisoni samva, ndipo iye anangoti maliro ndi a bambo ake, sadzalola wina awasandutse sewero. Ndinawaimbira a Mubanga kuwachonderera kuti abwere basi, ine ndiima nawo. Anandiyankha mofatsa kuti, "Mwana akana, ba Justina. Ni maliro yake."

Lolemba tinawaika alongo anga. Zonse zinayenda pa nthawi yake. Tinaimba nyimbo zolembedwa papulogalamu, tinaponya maluwa, ndipo kagalimoto kokwirira kanadikira chapatali kuti tichoke. Palibe anaseka, palibe anapakidwa ufa, palibe anamuuza wakufayo kuti ndi wamantha. Munthu amene moyo wake wonse unali phokoso tinamuika mwakachetechete ngati mlendo wongodutsa. Ndinachita manyazi pamaso pa alongo anga, ndipo ndinamukwiyira Themba kwambiri moti sindinakwere naye galimoto imodzi pobwerera.

Mkwiyo wa azakhali sukhalitsa. Patapita milungu ingapo anabwera kudzandithandiza kulongedza katundu wa bambo ake, ndipo tili awiri ndinamuyankhula. Sindinayambe ndi za mitundu. Ndinangomufunsa kuti ankaganiza kuti ndani ankawameta ndevu bambo ake m'chipatala muja, masiku amene iye anali kuntchito ndipo ine ndili pa shifiti. Ndani ankawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, akuwauza kuti Mngoni walemera ndi mbewa. Ndinamuuza za ambuya, za linga, za chiwaya, ndi chimene ufa uja unkatanthauza. Anakhala pansi pakapeti, nsapato ya bambo ake ili m'manja.

"Why did nobody tell me?" anafunsa pomaliza.

Sabata yotsatira anandiimbira kuti ndimuperekeze ku Ilford kumene a Mubanga amakhala, ndipo njira yonse musitima ankabwereza mawu opepesa amene ndinamuphunzitsa, milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu.

A Mubanga anatitsegulira atavala tayi. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaone ndi tayi kunja kwa tchalitchi. Anali ataonda, ndipo magalasi awo anali omata ndi tepi pakona.

"Ba Justina, mwabwela. Lowani, Mr Shawa, lowani. Nkhalani apa, ndiye mpando wabwino."

Anatulutsa makapu a alendo, aja okhala ndi timbale take. Themba sanakhale pampando. Anagwada pansi monga ndinamuuzira, nanena mawu ake onse osaphonya, kuti analakwa, kuti sankadziwa, kuti akupempha chikhululuko. Ine ndinamunyadira.

"Palibe vuto, Mr Shawa," anatero a Mubanga. "Munali na chisoni. Nyamukani, mungadetse trouser."

Ndinadikira. Ndinkayembekeza kuti anena kuti Mngoni wagwada pamaso pa Mbemba, aitane anthu adzaone. Mwayi wotere alongo anga sanawapatsepo moyo wawo wonse. Koma iwo anangothira tiyi, nafunsa Themba za kuntchito, ngati sitima inali yodzaza, ngati nyumba ya ku Barking yabwezedwa kale kwa eni ake.

Themba anayesa. Anati, "Uncle, ndikufuna kumva story ya linga. Dad's story. Mundiuze."

A Mubanga anayang'ana m'kapu mwawo.

"Ni nkhani ing'ono chabe," anatero. "Bazungu banamanga linga, banatenga ng'ombe. Banyamata ba kwanu banayesa kuzitenga futi. Banthu banafa, mukati na panja. Pambuyo munzi unapsa. Ba Mafuleka banali munthu wolimba mtima maningi. Ndiye yamene niziba."

"Nanga chiwaya?" ndinafunsa ine.

"Ah, zija zinali zoseka chabe, ba Justina."

Ndinaganiza zowaputa ndekha, ngakhale kuti pakamwa panga sipanazolowere. Ndinakankha kapu n'kunena kuti, "Inu odya anyani, tiyi wake ndi ameneyu? Kapena ku Kasama mumangoviika mchira m'madzi?"

Anandiyang'ana, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaona yankho likubwera, pakona pa mlomo pakugwedezeka. Kenaka maso awo anapita pa Themba, n'kubwereranso pa kapu yanga.

"Pepani, ba Justina," anatero. "Lekani nikupangileni ina."

Ananyamuka kupita kukhitchini, ndipo ndinamva madzi akuthiridwa m'ketulo. Sanachite zimenezi pofuna kutilanga, ndikutsimikiza. Munthuyo anachotsedwa pamaliro a mnzake atagwidwa pamkono, ndipo chimene chinathyoka tsiku lija sichinali m'manja mwake kuti achibweze. Anatikhululukira ndi mtima wonse, monga mmene munthu amakhululukira mlendo amene wamuponda phazi m'basi.

Potsanzikana anatiperekeza mpaka pageti. Anamupatsa Themba moni wa manja awiri, akuwerama pang'ono, namuuza kuti apereke moni kunyumba. Tinayenda mpaka kusiteshoni. Tili papulatifomu, Themba anapuma mozama ngati munthu amene watula katundu, nandigwira paphewa akumwetulira.

"That went well, auntie," anatero. "Ndinkaopa kuti andinyoza. Koma sananene ngakhale liwu limodzi loipa. Ndi munthu waulemu kwambiri."

Ndinafuna kumufotokozera, koma ndinaona nkhope yake itamasuka koyamba chimwalirire bambo ake, ndipo ndinaleka. Chisoni chimene ndinamva pamenepo chinaposa cha kumanda.

"Eya, mwanangu," ndinatero. "Akupatsa ulemu wonse."